Jazi Kuseri kwa Makatani

Kanali kakuda, kopinda pakati ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, ndipo pakona imodzi kanali kong'aluka, komata ndi tepi yabuluu ya amagetsi. Ukakatsegula, mbali yam'mwamba inali kasikirini kongoposa pang'ono chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mbali yapansi ndi pamene pankalowa chimbale. Amalume ankangokatchula kuti dividi. Kameneko, chikwama cha zimbale ndi zovala zimene anavala ndizo zokha zimene anabwera nazo pochokera ku Joni, chaka chimene ndinali mu Sitandade 5.

Tinkakhala pafupi ndi boda ya Mchinji, kuseri kwa tiyirumu ya amayi. Bambo anamwalira ndisanayambe kuzindikira zinthu, choncho m'nyumba tinali awiri okha mpaka amalume atafika. Inali nyengo yozizira, anthu atamaliza kukolola. Mathiraki ankandanda mumsewu kudikira mapepala, madalaivala ataphimba mitu ndi zipewa zaubweya, osintha ndalama akuthamangira basi iliyonse yochokera ku Chipata. Mphepo inkanyamula fumbi n'kulithira m'makapu tisanathiremo tiyi. Mpaka lero ndikamva fungo la dizilo litasakanikirana ndi la mafuta a mandasi, milomo yanga imauma ngati ya mwezi wa Julaye umenewo.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono kwa iwo. Anali oonda, osalankhulalankhula, ndipo zala ziwiri za dzanja lawo lamanzere sizinkapinda. Sananene chimene chinachitika, ndipo amayi anandiletsa kufunsa. Chimene ndinamva n'chakuti kumeneko ankagwira ntchito pamalo ena pamene magulu oimba ankasonkhana, kukonza mipando ndi kukulunga mawaya, ndipo n'kumene anaphunzirira gitala. Gitalayo sanabwere nayo. Amayi anawapatsa kachipinda ka kumapeto kamene tinkasungiramo matumba a mtedza ndi ufa. Kanali ndi zenera limodzi loyang'ana kumadzulo, moti masana dzuwa linkalowa lonse. Kasikirini kaja kanali kofooka, pakuwala sikankaonetsa kanthu. N'chifukwa chake amalume akafuna kuonera ankakoka makatani, n'kupachikapo bulangete, n'kutseka chitseko. Chifukwa chake chinali chimenecho, panalibe china. Ndazinena msanga chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Tsiku lina amayi anandituma kukawapatsa tiyi. Ndinagogoda, ndinalowa, ndipo sanandithamangitse. Mumdima muja ndinaona bambo wachikulire atakhala pampando wamatabwa, gitala ili pamwendo, nyali imodzi ikumuunikira. Ndinadikira kuti ovina atulukire. Sanatulukire. Nyimbo za pakanema zimene ndinkazidziwa zinali za makwaya ovala mofanana akugwedezeka pakapinga, kapena za rumba zimene madalaivala ankaika m'tiyirumu, atsikana akudula chiuno pafupi ndi galimoto yonyezimira. Apa panali munthu mmodzi ndi chipangizo chake, ndipo zinkamveka zonse: mpweya wake, phazi lake likugunda thabwa, ndi kakulira kosongoka kamene chala chimachita chikamatsetsereka pa waya.

"Wakamva kameneko?" anandifunsa amalume, osachotsa maso pakasikirini. "Ena amakafufuta akamajambula. Awa anakasiya. Ukakamva, udziwe kuti pali munthu."

Tiyi anazizira ali m'manja mwanga.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndi kumaliza kutsuka makapu, ndinkathamangira ku kachipinda kaja. Ndinkakhala pa thumba la mtedza, iwo pabedi, kadividi kali pa ndowa yovundikira pakati pathu. Anandiuza kuti nyimbo zambiri mwa izo ndi jazi. Anthu ake ankaimba m'zipinda zazing'ono zodzadza utsi, omvera atakhala pamatebulo, osavina, kumangogwedeza mitu. Poyamba ndinkaona ngati oimbawo sanagwirizane chochita, aliyense akungopita kwake. Amalume ankaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Usamayang'ane amene ali kutsogolo. Ameneyo aliyense amamuona. Yang'ana wakumbuyo uja."

Wakumbuyo uja, pa chimbale chimene ndinadzachikonda kuposa zonse, anali mayi wometa mpala, wosavala nsapato, ataimirira ndi besi yaikulu kumuposa kutalika. Ankaikumbatira ngati akuvina nayo, zala zake zikuyenda pa mawaya okhuthala ngati zingwe zomangira katundu pathiraki. Woimba ng'oma sankamenya ndi timitengo, ankasesa pachikopa ndi tinthu tonga timatsache. Panali malo ena pamene wa piyano anaphonya, ndipo mayi uja anatsegula maso, n'kumwetulira, n'kumutsatira komweko mpaka kuphonyako kunasanduka nyimbo. Amalume ankabwezera malo amenewo mobwerezabwereza, osanena kanthu, akungondiyang'ana kuti aone ngati ndagwira. Tsiku limene ndinaseka pa nthawi yake yeniyeni, iwo asanabwezere, anandiwomba m'manja ngati mnzawo.

Nditawauza kuti ndikufuna kudzaimba ngati mayi uja, anatenga kathabwa ka bokosi la sopo, n'kujambulapo mizere ndi cholembera. Iyo ndiyo inali gitala yanga. Ankandiikira zala pamizerepo, chimodzichimodzi, n'kuimba ndi pakamwa liwu limene likanatuluka.

Aphunzitsi athu a m'kalasi anabwera okha. Anali bambo wamtali wa kwa Mkanda, wosasiyana ndi jekete la bulawuni ngakhale kutenthe, ndipo ankamwa tiyi kwa amayi akaweruka. Tsiku lina anamva lipenga likuchokera kuseri, anasiya kapu ili theka, n'kutsatira phokosolo mpaka pachitseko cha amalume. Mawa lake anabwera ndi zimbale zawo zokulunga m'pepala la shuga, zimene anakopera kwa mnzawo ali kukoleji. Anati chikhalire ku boda kuno anali asanapeze munthu woonera naye. Anthu ankawafunsa kuti, "Nanga mawu ake ayamba liti?"

Awiriwa ankasinthana zimbale ngati ana osinthana mabulo, ndipo ankakangana kosatha. Aphunzitsi ankakonda magulu aakulu, malipenga ambiri akulirira pamodzi, anthu ovala masuti. Amalume ankati pamenepo munthu akhoza kubisala. "Mupatseni gitala yopanda magetsi, akhale yekha pampando, tione." Aphunzitsi ankayankha kuti nyimbo si mayeso. Kenako onse ankakhala chete, chifukwa wina pakasikirini wayamba chinthu chofunika kumvera. Panalinso dalaivala wina wa ku Zambia amene akadutsa ankasiya chimbale cha ku Lusaka, n'kunena kuti, "Iyi ni yabwino maningi, ba malume, muzaniuza nikabwela." Masabata amenewo amalume ananenepako pang'ono. Amayi anayamba kuimba potsuka mbale.

Ine ndinali mwana, ndipo mwana akapeza chokoma amafuna anzake achione. Ndinayamba kubwera ndi atsikana a m'kalasi mwanga. Amalume anazengereza. Anati aliyense ayambe wakauza makolo ake, anzangawo n'kuvomera ndi mitu. Ambiri sanazikonde nyimbozo. Ankabwera chifukwa m'kachipindamo munkafunda, komanso chifukwa kuona kanema m'kanthu kopinda ngati buku chinali chachilendo. Koma mnzanga wapamtima, amene tinkakhala desiki imodzi, anakonda mayi wa besi uja ngati ine, ndipo ankatsalira mpaka dzuwa litapendeka. Mayi ake atamufunsa kumene amachedwa, iye ananena zoona zokhazokha: timaonera kanema kwa amalume ake a mnzanga, amatseka chitseko ndi makatani.

Tsopano ndine mayi, ndipo ndimatha kumva mmene mawu amenewo anagwera m'makutu mwa mayi uja. Pamsika wa pa boda panali tizisakasa ta mapepala akuda toonetsa mafilimu, ndipo aliyense ankadziwa zimene ena ankaika akatha a karate. Makolo anali atadandaula kale kuti ana akuonera zolaula. Ndiye apa panali mwamuna wobwera ku Joni, wopanda mkazi, wosapita kutchalitchi, wosacheza ndi anthu, akudzitsekera mumdima ndi ana aakazi masanasana. Palibe amene anapeka bodza poyamba. Anangolumikiza zinthu zoona molakwika.

Ine sindinamve mphekesera iliyonse. Ndinangoona zinthu zikusintha. Anzanga anasiya kubwera, ndipo mnzanga uja anasamukira desiki ina osandiuza chifukwa. Ku mjigo, amayi amene ankakonda kundisenzetsa ndowa ankasiya kulankhula ndikafika. Mmodzi anandigwira chibwano, n'kundiyang'anitsitsa m'maso nthawi yaitali, kenako n'kupukusa mutu. Mandasi a amayi anayamba kutsala m'beseni mpaka madzulo. Madalaivala ankagulabe, koma anthu a m'dera lathu ankadutsa ngati sakuona chitseko. Aphunzitsi nawo anasiya kubwera. M'kalasi ankandichongera mabuku osakweza mutu.

Ndimakumbukira amayi ataima pakhomo la kachipinda kaja, manja ali ndi ufa.

"Achimwene, ana a eni asamalowenso muno."

"Ndalakwa chiyani, achemwali?"

"Sindinati mwalakwa. Ndati asamalowe. Ndipo chitsekochi chizikhala chotsegula."

Amalume anachotsa bulangete pazenera, n'kulipinda bwinobwino. Tinayesa kuonera chitseko chili chotsegula, koma pakasikirini pankangooneka nkhope zathu. Tinkangomvera. Masana ena, tili choncho, mwala unagwa padenga la malata. Amalume anadzigwetsa pansi, manja ataphimba mutu, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali mwalawo utasiya kale kugubuduka. Ndinaseka, poganiza kuti akuchita dala. Atadzuka, ndinaona kuti malaya awo anyowa ndi thukuta kumsana, m'nyengo yozizira ngati imeneyo.

Anthu anabwera Loweruka masana, magetsi atazima chiyambire m'mawa. Ndinali kuseri ndikutsuka makapu pamene ndinamva phokoso lachilendo, losiyana ndi la pamsewu limene tinalizolowera. Phokoso la pa boda limabalalika, aliyense amakuwa zake. Ili linali limodzi, ndipo linkayandikira. Nditasuzumira pakona, ndinaona mayi a mnzanga uja ali patsogolo, chitenje atachimanga m'chiuno mothina. Pambali pawo panali bambo wa apolisi akumudzi, atavala kajekete kowala, ndodo ili m'manja. Kumbuyo kunali amayi a ku mjigo, abambo ena amene ndinkawadziwa kutchalitchi, akabaza atatsamira njinga zawo, ndi anyamata a pamsika amene amapezeka paliponse pamene pali chipwirikiti. Ena mwa anyamatawo manja anali kumbuyo.

"Atuluke," anatero wina. Ena anabwereza.

Amayi anatuluka m'tiyirumu ndi chipande chovuulira mandasi, mafuta akudontha pafumbi. Anaima pakati pa gululo ndi kanjira kopita kuseri. Anali mayi wamfupi, ndipo tsiku limenelo ndinaona kufupika kwawo koyamba.

Ndinathamangira kwa amalume. Ndinawapeza atakhala pabedi, atavala kale nsapato, dzanja lolumala lija atalipana m'khwapa. Maso awo sankachoka pachitseko. Panthawiyo ndinadabwa kuti munthu wamkulu akuopa anthu amene timagula nawo tomato. Panopa ndimadziwa kuti phokoso lotero anali atalimvapo kale kwina, ndipo ankadziwa kumene limathera.

"Tuluka," anandiuza motsitsa. "Ukaime pamene akukuona. Usapezeke muno."

Ndinakaima pafupi ndi amayi, n'kugwira chitenje chawo. Bambo wa ndodo uja ankalankhula mwaulemu, ngati kuti ulemuwo ndi umene ukugwira gululo kuti lisadutse. Anati alandira madandaulo, ndipo ndi bwino mwamunayo apite nawo akafotokoze. Wina kumbuyo anakuwa kuti palibe zokafotokoza, athana naye pompano. Mayi a mnzanga uja sankakuwa. Ankangonena kuti, "Mwana wanga. Ndikufuna ndidziwe zimene waonetsa mwana wanga."

Amayi anandipatsa chipande chija kuti ndigwire. Analowa kuseri, ndipo anatuluka ndi kadividi kaja ndi chikwama chonse cha zimbale. Anakoka tebulo la m'tiyirumu mpaka panja, n'kukhuthulirapo zonse.

"Izi ndi zimene amaonera. Sankhani nokha. Ine sindigwirako."

Bambo wa ndodo uja anasanthula zimbalezo ndi nsonga ya chala. Zambiri zinalibe zithunzi, zinali zokopera, zongolembedwa ndi cholembera chakuda. Anatola chimodzi. Popeza panalibe wina wodziwa kutsegula kamakinako, ndinachita ndine, manja akuterera ndi mafuta. Kanyali ka batire kanali kofiira.

Padzuwa paja kasikirini kanangokhala kakuda bii. Anthu anakankhana, kusuzumira, koma ankangodziona okha. Kenako mawu anayamba kutuluka. Mwa zimbale zonse, bamboyo anatola chimene chimayamba ndi mayi akung'ung'udza yekha, popanda chipangizo chilichonse, liwu lotsika, lokoka, lodzadza mpweya, lopanda mawu enieni. Ndinkaidziwa nyimboyo. Ndinkadziwa kuti akapuma kachitatu besi ilowa. Koma pabwalo paja sinamveke ngati mmene inkamvekera m'kachipinda muja. Mnyamata wina anaseka kuseka konyansa.

"Mwamva? Mwadzimvera nokha?"

Gulu linasuntha lonse nthawi imodzi, ngati ng'ombe zikamva mkwapulo. Tebulo linagwedezeka, zimbale zina zinagwa pansi. Amayi anandikankhira kumbuyo kwawo. Ndinaona mwala m'dzanja la mnyamata amene Lamulungu lapitalo ankatolera chopereka. Mayi a mnzanga uja anagwira kumutu.

"Chimbale chimenecho ndi changa."

Anali aphunzitsi. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anali kumbuyo kwenikweni, atagwira njinga yawo. Anaisiya kuti igwe, n'kudutsa pakati pa anthu. Liwu lawo silinali la m'kalasi, linali lopyapyala, losweka. Anabwerezanso kuti chimbalecho ndi chawo, anachibweretsa okha m'nyumbamo, ndipo ngati chili cholaula ndiye ayambe ndi iwo. Kenako anavula jekete lija, limene ndinali ndisanawaonepo atalivula, n'kulitambasula pamwamba pa kasikirini ndi manja onse awiri, ngati kadenga.

"Mayi, bwerani. Lowetsani mutu apa."

Mayi a mnzanga uja anawerama, n'kulowetsa mutu pansi pa jekete. Pabwalo panangoti zii, kupatula liwu lija ndi besi imene inali italowa tsopano. Ine ndinkadziwa zimene akuona: gogo wa imvi, wovala diresi lofika kumapazi, atakhala pa kampando kakatali, maso ali otseka, dzanja lili pachifuwa, ndi bambo wina wokalamba atawerama pa besi pambali pake. Anakhalamo nthawi yaitali. Atatulutsa mutu, sanayang'ane munthu aliyense.

"Ikani china," anatero.

Ndinaika china. Kenako china. Bambo wa ndodo analowetsa mutu, abambo a kutchalitchi nawonso, mmodzimmodzi, aphunzitsi ali chiimire, mikono ikunjenjemera ndi kutopa, m'khwapa mwa malaya awo oyera muli zigamba. Anaona malipenga ndi masuti. Anaona bambo wa gitala pampando wake wamatabwa. Wina anafunsa ngati ndi nyimbo zamaliro. Batire inathera pakati pa nyimbo ya mayi wometa mpala uja.

Wina anati zoipazo wabisa. Choncho bambo wa ndodo ndi abambo awiri analowa m'kachipinda muja, amalume atatulutsidwa n'kuimikidwa pakhoma. Anatembenuza matiresi, anapisa m'matumba a mtedza, anakutumula bulangete. Anapeza kathabwa kanga ka mizere, n'kukatembenuzatembenuza, n'kukaponya pabedi. Atatuluka chimanjamanja, anthu anali atayamba kale kuchepa. Thiraki ina inaliza hutala pamsewu, akabaza anathamangira makasitomala. Palibe amene anapepesa. Bambo uja anangoti nkhani yatha, koma ana asamalowe m'zipinda za akuluakulu. Aphunzitsi anavala jekete lawo, anatola zimbale zimene zinagwa, n'kuzipukuta fumbi chimodzichimodzi. Anayang'ana amalume ngati akufuna kunena kanthu, koma anangodzutsa njinga yawo.

Kwa zaka zambiri ndinkawaweruza aphunzitsi aja chifukwa cha masabata amene anakhala chete. Panopa ndikudziwa chimene mphekesera yotero imachita kwa mwamuna wophunzitsa ana aakazi, ndiponso kuti akanatha kukwera njinga yawo n'kumapita. Anachedwa, koma anabwera.

Ine tsiku limenelo ndinkaona kuti tapambana. Ndinadumphadumpha m'tiyirumu, ndikutsanzira mmene bambo wa ndodo anatulutsira mutu pansi pa jekete. Amayi sanaseke. Anatseka tiyirumu dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sankachita Loweruka, ndipo anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa lathu la udzu. Anakhala pa kampando, n'kundikhazika pakati pa miyendo yawo kuti andimasule tsitsi. Zala zawo zinkanunkhira sopo ndi mafuta ophikira. Anamasula mzere umodzi wonse asanalankhule.

"Ukakhala ndi amalume awiriwiri m'chipinda muja, umakhala pati?"

"Pa thumba la mtedza."

"Iwo?"

"Pabedi."

Chipeso chinadutsa kangapo. Liwu lawo linali lofewa kwambiri, ngati limene ankandilankhulira ndikadwala malungo.

"Anayamba akugwirapo?"

"Eya."

Manja awo anaima m'mutu mwanga. Ndinamva mawondo awo akuuma m'mbali mwanga.

"Pati?"

"Zala. Akamandiphunzitsa pogwira pa gitala."

"Kwina?"

"Ayi."

"Anakuuzapo kuti pali chinthu choti usandiuze ine?"

"Ayi. Chinthu chanji?"

Anatulutsa mpweya wautali, n'kutsamiritsa chipumi chawo pamutu panga, ndipo ndinamva kulemera kwa mutu wawo wonse. Tinakhala choncho. Kenako m'bafa muja munamveka chitini chikugunda ndowa.

Tonse sitinadziwe kuti muli munthu. Amalume anali atalowamo kukasamba fumbi la tsikulo, ndipo ayenera kuti anasiya kuthira madzi atamva funso loyamba. Anatuluka atavala buluku lokha, thaulo lili paphewa, ndowa ili m'dzanja labwino lija, madzi akadali pafupifupi odzadza. Amayi anadzuka mofulumira moti chipeso chinagwa.

"Achimwene..."

"Mwachita bwino kufunsa, achemwali," anatero. Sanakweze mawu, sanawayang'ane. "Mwana ndi wanu."

Anathira madziwo pa mtengo wa mapapaya, n'kulowa m'chipinda chawo.

Masiku otsatira m'nyumba munali ulemu wambiri. Amalume ankathokoza pa chilichonse, ngakhale pa madzi akumwa. Ankadya mofulumira n'kukatsuka okha mbale yawo. Ndikapita kuchipinda kwawo ankatuluka n'kukhala pakhonde, pamene aliyense wodutsa akanationa, ndipo sanandigwirenso dzanja. Magetsi anayaka, koma sanatchaje kanthu. Anandituma kukabweza zimbale za aphunzitsi, atazikulunga m'pepala lomwe lija la shuga. Anthu a m'dera anayambiranso kugula mandasi, ena mochita kuwonjeza, ndipo mnzanga uja anabwerera pa desiki yathu. Amayi ankawaphikira amalume ndiwo zimene ankazikonda ali mwana. Kawiri konse ndinawaona ataima pakhomo la kachipinda kaja, dzanja lili m'mwamba kuti agogode, kenako n'kubwerera.

Dalaivala wa ku Zambia uja atadutsanso, amalume anakwera naye. Anati ku Lusaka kuli munthu wofuna wothandiza kukonza masipika. Ali komweko mpaka lero, anakwatira, ali ndi ana. Ine sindinakhale woimba. Ndimagwira ntchito ina ku Lilongwe. Koma foni yanga ikalira Lamulungu masana, nthawi zambiri amakhala iwo, atatumiza kanema wa munthu wina akuimba m'kachipinda kena kutali, ndi mawu ochepa pansi pake: mvera wa ng'oma, kapena, dikira pakati. Inenso ndimawatumizira zanga, ndipo timatsutsana. Amayi atadwala amalume anabwera kudzawaona, ananyamula shuga ndi bulangete latsopano. Anakhala pambali pa bedi tsiku lonse, akukamba za mvula ndi za anthu akumudzi amene anamwalira. Za Loweruka lija sanazitchule, ndipo amayi anapita osazitchula.

Ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu umene ndinali nawo. Ndadzifunsa kambirimbiri ngati ndikanafunsa mafunso aja, gulu litabalalika kale, zimbale zonse zitaoneka kuti n'zoyera, munthuyo ali mlongo wanga wa bere limodzi. Yankho limabwera lomwelo nthawi zonse. Ndikanafunsa. Mayi amene safunsa ndi amene ndimamuopa.

Koma m'mawa umene amalume ankachoka sindinkadziwa zimenezi. Kunali chifunga, ndipo thiraki inali ikulira kale, utsi wake ukukwawa pansi. Amalume anapatsa amayi moni wa m'manja, dzanja lina litagwira pamkono, ngati mmene munthu amapatsira moni apongozi. Kwa ine anangogwedeza mutu ali patali. Thirakiyo inayenda pang'onopang'ono kulowera ku geti, ndipo ine ndinakwiyira anthu a ku mjigo, anyamata a pamsika, bambo wa ndodo, aliyense amene anaima pabwalo pathu. Ndinakoka chitenje cha amayi.

"Koma si anaona okha kuti ndi nyimbo? Nanga akupitiranji?"

Amayi anayang'anabe kumsewu. Anangoti makapu akundidikira.

Ndinapita kukatsuka, ndikulira ndi ukali, ndili wotsimikiza kuti amene anawathamangitsa ndi anthu obwera ndi miyala aja. Sizikanatheka kuti mwana wa msinkhu wanga aganize kuti miyala amalume akanaipirira, popeza anali ataipirirapo kale, ndipo kuti chimene chinawakweza thiraki chinanenedwa motsitsa, mwachikondi, ndi munthu yemwe uja amene anawaimira pakhomo.